Mfuti za Nkhondo ndi Lamulo la Dziko: Mafunso ndi Mayankho kwa Odutsa pa Chipata cha Tlokweng

Mudzi wa Tlokweng, umene uli kum'mawa kwa mzinda wa Gaborone, kutsidya kwa mtsinje wa Notwane, ndiwo likulu la mtundu wa Batlokwa, ndipo mzinda waukuluwo unatenga dzina lake kwa mfumu yawo yakale, Kgosi Gaborone. Msewu umene upyola m'mudzimo ukathera pa chipata cha m'malire, chimene a ku Botswana amachitcha Tlokweng, a ku South Africa nachitcha Kopfontein. Ndipo pamenepo, kuyambira m'mamawa kufikira usiku, mabasi, malole ndi magalimoto ang'onoang'ono amandandalika, ena kulinga ku Zeerust ndi Johannesburg, ena kubwerako. Pakati pa khamu limenelo sipasowa ana a kwathu: aphunzitsi, anamwino, amisiri, madalaivala, ndi amayi a geni opita kukapikula katundu ku Joni. Ambiri a iwo sanagwirepo mfuti chibadwire; koma popeza munthu angathe kulowa m'mlandu wa mfuti asanaiombepo, ngakhale asanaione n'komwe, ndaona kuti n'koyenera kusonkhanitsa mafunso amene wapaulendo wanzeru akadafunsa, ndi kuwayankha limodzilimodzi; pakuti akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Kodi mfuti ya nkhondo isiyana bwanji ndi mfuti ya mlenje, popeza zonse zipha?

Zoonadi zonse zipha, koma sizinasulidwire ntchito imodzi. Gogodela wa makolo athu, amene ankathiridwa wonga chakukamwa, ankalira kamodzi, mwini wake nayambanso kutsindira wonga. Chifefe cha mlimi wolondera munda chimalowa chipolopolo chimodzi kapena ziwiri. Ndipo ngakhale raifolo ya mlenje wa nyama zazikulu imafuna kuti dzanja likoke chitsulo, litaye khoko la chipolopolo chakupsa, ndi kulowetsa china, isanalirenso. Pakati pa kuomba koyamba ndi kwachiwiri pali kamphindi, ndipo m'kamphindi kameneko mkwiyo ungathe kuzirala, wothawa angathe kubisala, mnansi angathe kugwira mkono wa wokwiyayo.

Mfuti ya nkhondo inasulidwa kuti ichotse kamphindi kameneko. Mpweya wa chipolopolo chimene chapsa ndiwo ukankha chitsulo m'mbuyo ndi kulowetsa chinzake, kotero kuti malinga chala chikadali chokhethemula, mfutiyo siileka kulira mpaka magazini itatha. AK-47, imene Mikhail Kalashnikov anaikonza ku Soviet Union natchulidwa ndi chaka cha 1947, imanyamula zipolopolo 30 m'magazini imodzi, ndipo liwiro lake lifika pa zipolopolo 600 pa mineti. Ndiye kuti magazini yonse ingathe kutha munthu asanamalize kufuula dzina la mwana wake. Za mtundu womwewo ndizo R4 ndi R5 za asilikali ndi apolisi a ku South Africa, G3 ya ku Germany ndi FN ya ku Belgium. Palinso zina zofanana nazo maonekedwe, zimene zimadzilowetsa zokha chipolopolo koma zimalira kamodzi pa kukhethemula kulikonse. Nazonso maboma a m'chigawo chino amaziyang'ana ndi diso lofiira. Mlenje weniweni afuna chipolopolo chimodzi cholasa bwino, kuti nyama isaonongeke; wofuna zipolopolo 30 m'kanthawi kamodzi sakulinga mbawala ayi.

Kodi munthu wamba ku Botswana angathe kukhala ndi mfuti yotere mwalamulo?

Iai, sangathe, ngakhale akhale wolemera, wophunzira, kapena wa kubanja lachifumu. Lamulo lotchedwa Arms and Ammunition Act, limene linalembedwanso mwatsopano mu 2018, limapatula zida za nkhondo ndi zipolopolo zake pa mfuti zina zonse, ndipo zidazo ndi za asilikali ndi nthambi za chitetezo zimene lamulo lazipatsa mphamvu. Chimene munthu wamba angapemphe ndicho chifefe kapena raifolo yosakira nyama ndi yotetezera ziweto kumoraka, ndiko kumadera odyetserako ziweto, kumene mikango ndi afisi amavutitsa ng'ombe. Pisitolo, imene ibisika m'thumba, siiperekedwa kwa anthu wamba.

Ndipo ngakhale mfuti yololedwayo siigulidwa monga agulira njinga. Boma limaika chiwerengero cha zilolezo zatsopano zimene zingatuluke, ndipo popeza ofunsira amachuluka kutalitali kuposa malo, apolisi amachita mayere. Amene mayere am'gwera ndiye apita patsogolo, nayenerabe kulembetsa mfutiyo m'kaundula wa zida amene apolisi amasunga ku likulu, kuti nambala yake ndi dzina la mwini wake zidziwike. Munthu angathe kufunsira chaka ndi chaka, tsitsi n'kuchita imvi mayere osam'gwera. Nzosadabwitsa tsono kuti kwa zaka zambiri wapolisi wamba wa ku Botswana wakhala akuyenda m'misewu wopanda mfuti, ndipo pakagwa zoopsa amaitana gulu lapadera la apolisi lotchedwa Special Support Group. Dziko limene wapolisi wake ayenda chimanjamanja silingaone mopepuka mlendo wopezeka ndi AK-47 pansi pa mpando wa galimoto.

N'chifukwa ninji dziko lamtendere chotere liumitsa dzanja pa nkhani ya mfuti?

Yankho lili m'mbiri yawo, ndipo mbiriyo ili ndi mbali ziwiri. Mu Januwale 1852 Angerezi ndi Mabunu a ku Transvaal anapangana pa mtsinje wa Sand kuti anthu akuda asagulitsidwe mfuti ndi wonga. Ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho Mabunu anadza ndi nkhondo kwa Sechele, mfumu ya Bakwena, amene anali atasinthanitsa minyanga ya njovu ndi mfuti zambiri, nakana kugonjera. Anamenyana pa phiri la Dimawe. Mudzi unatenthedwa, akazi ndi ana anatengedwa ukapolo, ndipo nyumba ya David Livingstone ku Kolobeng, yemwe uja tim'dziwa ife a ku Nyanja, inafunkhidwa, pakuti Mabunu ankamunena kuti ndiye ankapezera Sechele mfuti. Komabe Bakwena sanathe, ndipo dziko lawo silinamezedwe ndi Transvaal. Chotero Batswana sakaniza mfuti chifukwa cha kusaidziwa. Adziwa kuti inawapulumutsa, koma inawapulumutsa ili m'manja mwa mtundu wonse, pansi pa mfumu ndi bwalo lake.

Mbali yachiwiri ndi ya masiku a makolo athu omwe ali moyowa. Botswana inalandira ufulu mu 1966 yopanda gulu la nkhondo, ndipo inakhala chomwecho kufikira 1977, itazingidwa ndi maboma a atsamunda ku Rhodesia, ku South Africa ndi ku South West Africa. Pa 27 Febuluwale 1978 asilikali a Rhodesia analalira gulu la nkhondo latsopanolo ku Lesoma, pafupi ndi Kazungula, napha asilikali 15. Usiku wa pa 14 Juni 1985 asilikali a boma la tsankho la South Africa anadutsa malire, nathyola nyumba zingapo mu Gaborone ndi m'mphepete mwake, napha anthu 12, pakati pawo mwana wamng'ono; ndipo mu Tlokweng momwemo anaphera Thami Mnyele, mmisiri wojambula wa gulu la zaluso lotchedwa Medu. M'zaka zimenezo boma la Botswana linkalandira othawa kwawo ndi manja awiri, koma linkakaniza kuti dziko lake likhale njira ya zida. Ndipo omenyera ufulu amene anagwidwa ndi zida za nkhondo ankaimbidwa mlandu m'mabwalo, ngakhale chimene ankamenyera chinali cholungama, chifukwa nkhokwe iliyonse ya mfuti inali chodzikanira cha adani pobwera kudzapha anthu m'tulo. Ngati lamulo silinapindikire iwo amene anali ndi chifukwa chachikulu chotere, lidzapindikira bwanji wamalonda wofuna phindu?

Kodi lamulo limeneli silingogwira anthu ang'onoang'ono okha, akuluakulu nalidumpha?

Funso ili n'loyenera, pakuti tonse taonapo malamulo amene amakola mphemvu nasiya makoswe. Koma taonani chimene chinachitika mu Meyi 2018, Mokgweetsi Masisi atangolowa kumene pa mpando wa pulezidenti. Alonda a nthambi ya boma yoyang'anira nyama zakuthengo ndi nkhalango zosungidwa, amene ankalimbana ndi opha njovu mozembera, anali ndi mfuti za nkhondo. Ndipo boma linalamula kuti mfutizo zichotsedwe m'manja mwawo, ponena kuti lamulo silinapatse nthambiyo mphamvu yosunga zida zotere. Phokoso linamveka kufikira maiko a kutsidya kwa nyanja, ambiri nadandaula kuti njovu ndi zipembere zasiyidwa pambalambanda, ngakhale kuti asilikali a dziko, amene akhala akulondera nyama kuyambira m'ma 1980, anakhalabe m'tchire ndi zida zawo.

Anthu anatsutsana kwambiri ngati chigamulocho chinali chanzeru, ndipo mtsutsowo unafika ku nyumba ya malamulo. Koma phunziro limene tifuna ife pano lili poyera. Anthu amenewa anali antchito a boma, ovala yunifomu, ogwira ntchito yoopsa ndi yolemekezeka. Komabe yunifomu yokha sinakwanire kuwapatsa ufulu wogwira mfuti ya nkhondo popanda mawu a lamulo. Mphamvu yosunga chida chotere siichokera m'kufunika kwa ntchito ya munthu, kapena m'kuyera kwa mtima wake, koma m'chilolezo cholembedwa cha dziko lonse.

Nanga ngati mfutiyo ili ndi laisensi ya kwathu, ine n'kungodutsa nayo pa ulendo?

Laisensi ya mfuti imathera pamene pathera dziko limene linaipereka. Pepala lodindidwa ku Lilongwe, ku Lusaka kapena ku Pretoria lilibe mawu pa chipata cha Tlokweng, kapena cha Ramokgwebana, kapena pa mlatho wa Kazungula. Ndipo kulowetsa mfuti, kuitulutsa, ngakhale kungoidutsitsa, chilichonse chifuna chilolezo chakechake, chopemphedwa ulendo usanayambe. Alenje a kunja amene amadza kudzasaka ku Botswana, kumene kusaka kunaletsedwa mu 2014 n'kuloledwanso mu 2019, amatenga chilolezo cha kanthawi cholembedwa nambala ya mfuti ndi kuchuluka kwa zipolopolo, naonetsa zonse kwa akasitomu ndi apolisi polowa ndi potuluka; ndipo chilolezocho n'cha mfuti zosakira zokha. Mfuti ya nkhondo ilibe khomo lotere.

Kutsidya kwa chipata, ku Kopfontein, lamulo silifewa. Firearms Control Act ya 2000 imaika mfuti zolira mosalekeza m'gulu la zoletsedwa, ndipo wopezeka nayo angathe kukhala m'ndende kufikira zaka 25. Lamulo lina la 1997 limauza woweruza kuti wopezeka popanda chilolezo ndi mfuti yodzilowetsa yokha chipolopolo asalandire zaka zochepera 15, pokhapokha patakhala zifukwa zolemera kwambiri. Mlendo wolowa ndi mfuti yololedwa amalemba fomu ya apolisi yotchedwa SAPS 520. Choncho wonyamula mfuti ya nkhondo pa msewu wa Zeerust ali pakati pa malamulo awiri, ndipo konsekonse kumene angagwidwire, ana ake adzakula iye kulibe.

Bwanji ngati ndapatsidwa katundu womangamanga, ine osadziwa za m'kati?

Apa ndi pamene pali msampha wa anthu osalakwa, ndipo ndipempha madalaivala, matransipota ndi onse okwera mabasi a mtunda wautali kuti amvetsetse. Mwambo wathu ndi wakuti wa pa ulendo samukaniza phukusi. Mnzako akati kandiperekereni kwa mlongo wanga ku Mogoditshane, umalandira, ndipo kumasula mfundo pamaso pake kumaoneka ngati kum'nyoza. Ozembetsa zida amaudziwa mwambo umenewu, naudyera masuku pamutu. Mfuti ya nkhondo imamasuka m'zidutswa zingapo, ndipo zidutswazo zingabisike m'thumba la mpunga, m'kati mwa sipika, m'tayala losungira, kapena pansi pa matumba a kaunjika.

Pa chipata, kapena pa zotchinga za apolisi ndi za matenda a ng'ombe zimene zili pa msewu wa A1, monga cha ku Dibete, funso loyamba la wofufuza ndi lakuti chikwama ichi n'cha yani. Ndipo amene ayankha kuti n'changa, kapena amene makiyi a galimoto ali m'manja mwake, ndiye amangidwa. Inde, bwalo la milandu lidzafufuza ngati munadziwadi kapena ayi. Koma kufikira tsiku limenelo mudzakhala muli m'chitokosi, pasipoti italandidwa, galimoto itagwidwa ngati umboni, ntchito itatha, ndalama zikuthera kwa loya. Ndipo uja anakupatsani phukusi adzakhala atataya nambala yake ya foni. Dziwaninso kuti mlandu sudikira mfuti yathunthu: chipolopolo chimodzi chopezeka m'thumba la jekete popanda chilolezo n'chokwanira kuimika munthu pamaso pa woweruza. Mlendo akapezeka wolakwa, pamwamba pa ndende pamadza kuthamangitsidwa m'dziko ndi kuletsedwa kubwereranso. Chifukwa chake musanyamule chimene maso anu sanaone. Mwini katundu amasule yekha, mulembe dzina lake ndi la wolandira, ndipo akakana kumasula, inunso kanani kunyamula. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Kodi mfuti zimenezi zichokera kuti, popeza palibe sitolo yozigulitsa?

Zambiri ndi masiye a nkhondo zakale. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique, imene inathamangitsira anthu pafupifupi miliyoni imodzi ku Malawi, inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Koma mfuti sizinasaine pangano, ndipo zambiri zinakwiriridwa m'tchire, zina nizigulitsidwa ndi asilikali opuma amene analibe chakudya. Amene anakhala ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza ndi ku Nsanje m'zaka zotsatira akumbukira mmene umbava wa mfuti unakulira, ndi mmene dzina la AK-47 linalowera m'kamwa mwa ana. Kwathu komwe, mu Disembala 1993, asilikali a boma analanda zida za a Payoniya pa ntchito imene inatchedwa Operation Bwezani, ndipo ambiri a iwo anathawira ku Mozambique ndi mfuti zawo. Chitsulo cha mfuti yotere sichikalamba msanga. Ikapakidwa mafuta ndi kukulungidwa bwino, ingathe kugona m'nthaka zaka zambiri, n'kudzuka yamoyo.

Zina zimatuluka m'nkhokwe za maboma, kupyolera m'manja mwa osunga osakhulupirika. Ku South Africa mkulu wa apolisi wotchedwa Christiaan Prinsloo anavomera m'bwalo kuti anagulitsa mfuti zoposa 2,000 zimene zinayenera kuphwanyidwa, zambiri nizikathera kwa magulu a zigawenga a ku Cape Town. Ndipo mu 2016 anagamulidwa zaka 18. Zipatso za malonda otere zafikanso ku Botswana. Mu Febuluwale 2022 gulu la achifwamba, ena a iwo nzika za South Africa, linalanda ndalama za m'galimoto yonyamula ndalama mu Gaborone, nilikabisala m'nyumba ina m'dera la mzindawo lotchedwa Phase 2. Kuomberana kumene kunatsatira kunagwedeza mzinda wonse, ndipo pafupifupi onse anafera pomwepo. Mfuti iliyonse yopezeka m'manja mwa achifwamba inayenda ulendo isanafike pamenepo, ndipo pa ulendowo panali wina woinyamula, wodziwa kapena wosadziwa.

Ngati achifwamba ali nazo, kodi lamulo silikumanga manja a olungama okha?

Amene afunsa chotere sayenera kunyozedwa, pakuti kawirikawiri ndi munthu amene anagonekedwapo pansi m'sitolo yake, mpope wa mfuti uli pakhosi. Mantha ake ndi oona, ndipo boma limene limakaniza nzika chida lili ndi ngongole yaikulu yoiteteza. Likalephera, nzika ili ndi ufulu wonse wolidzudzula m'bwalo, m'nyuzipepala ndi pa chisankho. Koma tiyeni tiyese mankhwala amene akupemphedwawo, tione ngati sangapose nthenda.

Chipolopolo cha mfuti ya nkhondo chinapangidwa kuti chipyole zotchinga. Chingathe kuboola chitseko cha galimoto ndi khoma lopyapyala, n'kukapeza munthu kutali. M'mabwalo a Tlokweng, kumene mwininyumba amamanga zipinda za lendi mondondozana, ophunzira ndi antchito nagona mutu ndi mutu khoma lokha lili pakati, munthu woomba mbala mumdima ndi mfuti yotere adzalasa mwana wa mnansi asanalase mbala. Chachiwiri, mfuti yosungidwa m'nyumba ndiyo chuma chimene mbala ifuna koposa wailesi ndi ndalama, kotero kuti nyumba yodziwika kuti muli mfuti imaitana amene inafuna kuwaopseza. Ndipo mfuti ya wolungama ikabedwa, mawa ili m'manja mwa wosalungama. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chowawa koposa, mfuti imakhala m'nyumba masiku onse, pamene mbala imadza kamodzi kapena osadza n'komwe. Imakhalapo tsiku la mowa, tsiku la nsanje, tsiku la kulimbirana malire a munda, tsiku limene mtima wa mnyamata wasweka. Ndani wa ife angalumbire kuti m'nyumba mwake simudzalowa tsiku lotere? Kumene mfuti zili zosowa, wachifwamba amavutika kuipeza, amailipira mtengo waukulu, ndipo akaigwira aonekera msanga. Kumene zili m'nyumba iliyonse, amangotola.

Kodi maiko a m'chigawo chino anagwirizanapo chiyani pa nkhaniyi?

Pano Mmalawi ali ndi chifukwa chonyadira, pakuti pangano lalikulu la nkhaniyi linasainidwa pa nthaka yathu. Pa 14 Ogasiti 2001 atsogoleri a maiko a SADC, bungwe limene likulu lake lili mu Gaborone momwemo, anasonkhana ku Blantyre nasaina pangano loyang'anira mfuti, zipolopolo ndi zipangizo zake, limene linayamba kugwira ntchito mu 2004. M'menemo analonjezana kuti dziko lililonse lidzaika m'malamulo ake chiletso cha zida zolemera za nkhondo kwa anthu wamba, lidzachepetsa ufulu wa anthu wamba pa mfuti zing'onozing'ono, lidzadinda chizindikiro pa mfuti ndi kusunga kaundula wake, lidzaononga zolandidwa, ndipo apolisi a maiko onse adzauzana zimene adziwa. Ntchito ya kuuzanako imayenda kupyolera m'bungwe la akuluakulu a apolisi a kum'mwera kwa Africa, lotchedwa SARPCCO, limene linakhazikitsidwa mu 1995. Ndipo m'chaka chomwecho apolisi a South Africa ndi a Mozambique anayamba Operation Rachel, kufukula nkhokwe za zida m'tchire la Mozambique ndi kuziphulitsa pomwepo.

Pa dziko lonse lapansi pali pangano la United Nations loyang'anira malonda a zida, limene linavomerezedwa mu 2013 n'kuyamba kugwira ntchito mu Disembala 2014. Kwathu ku Malawi lamulo la mfuti ndi Firearms Act ya 1967, imene nayonso imafuna chilolezo pa mfuti iliyonse, niikaniza munthu wamba mfuti zolira mosalekeza. Kotero wonyamula chida chotere kuchokera ku Tete, kudzera ku Mwanza kapena ku Nyamapanda, mpaka ku Tlokweng, wathyola lamulo m'dziko lililonse limene phazi lake laponda. Ndipo mlandu suola.

Ndikapeza mfuti yotere, kapena ikatsala m'chuma cha masiye, ndichite chiyani?

Musaigwire, musaisunthe, musaiyese ngati ikali yamoyo, ndipo koposa zonse musainyamule nokha kupita nayo ku polisi musanawauze, chifukwa mukaimitsidwa panjira, mawu akuti ndimakaipereka adzamveka ngati a wina aliyense wogwidwa. Chotsani ana pamalopo, uzani apolisi, uzaninso mfumu ya mudzi kapena akuluakulu a ku kgotla, ndilo bwalo la mfumu, kuti pakhale mboni, ndipo eni ntchito adze adzaitenge okha. Ngakhale chifefe chololedwa cha malemu sichisanduka cha mwana wake chifukwa cha maliro okha. Chilolezo chinali cha munthu mmodzi, ndipo wolowa m'malo ayenera kukaonekera kwa apolisi kuti kaundula akonzedwe. Bungwe la African Union linapatula mwezi wa Seputembala chaka chilichonse, kuyambira 2017, kuti ukhale nyengo yoti anthu apereke mfuti zosaloledwa. Koma wofuna kutero ayambe wamva chilengezo cha apolisi a dziko limene akukhala, popeza chikhululukiro chimagwira ntchito monga momwe boma la kumeneko lachilengezera.

Ndipo kupereka mfuti si kutaya ulemu. Mu 1995 bungwe la mipingo ya Chikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, potsata masomphenya a mneneri Yesaya a zida zosandulika zolimira, linayamba kulandira mfuti kwa anthu ndi kuwapatsa makasu, njinga, makina osokera ndi zomangira nyumba. Mfutizo zinadulidwa, amisiri naumba nazo zosema. Mpando wina wopangidwa ndi zidutswa za mfuti zimenezo uli ku British Museum, ku London. Amuna amene anapereka zida zawo anabwerera kumudzi ndi chinthu chodyetsa ana, ndipo anagona tulo osaopa kugogoda kwa apolisi.

Pomaliza, kodi mlendo wokhala ku Tlokweng atengepo chiyani pa zonsezi?

Atengepo ichi, kuti mtendere umene unam'kokera ku Botswana, umene umalola namwino kubwerera ku nyumba usiku ndi wamalonda kutsegula sitolo m'mawa, sunagwe kuchokera kumwamba ngati mvula, koma unalimidwa ndi anthu amene anasankha kuti mikangano yawo ithere pa kgotla, kumene mfumu imamva mawu a munthu aliyense isanagamule. Eni dziko amati nkhondo yaikulu ndi ya pakamwa; ndipo lamulo lawo la mfuti ndilo linga lotchinjiriza mwambo umenewo, pakuti palibe bwalo limene lingaweruze momasuka pamene mmodzi wa otsutsana wakhala ndi AK-47 pamiyendo. Ife amene tadza kudzadya nawo zipatso za mtendere umenewo tili ndi mangawa ousunga, ndipo mangawawo ndi olemera koposa chifukwa cholakwa cha mlendo mmodzi chimawerengedwa pa mtundu wake wonse: Mmalawi mmodzi akagwidwa ndi zida pa chipata, mawa chikwama cha Mmalawi aliyense chidzakhuthulidwa pansi, ndipo pempho lake la chilolezo cha ntchito lidzayang'anidwa kawiri.

Chifukwa chake, abale ndi alongo, musagule mfuti ya nkhondo, ngakhale mtengo wake utsike bwanji. Musasungire munthu, ngakhale akhale malume anu. Musanyamule phukusi lomangidwa ndi manja a wina. Ndipo mukamva kumene chida chotere chabisidwa, kanene kwa apolisi chisanalire, pakuti chikalira sichidzafunsa ngati amene waima patsogolo pake ndi Motswana kapena Mmalawi. Wakutsina khutu ndi mnansi.